Chitetezo chosadalira mfuti: mmene mungamemere anthu a m'dera lanu ku Mzuzu

Mawu akuti chitetezo akatchulidwa pa wailesi, ambirife timaona m'maganizo munthu wovala yunifomu atanyamula mfuti, ndipo kwa ife okhala ku Mzuzu, kumene kambi ya asilikali ya Moyale ili mumzinda momwemu, chithunzi chimenechi sichichedwa kubwera. Koma mukafunsa mayi wa ku Masasa amene nyumba yake inamangidwa pamtsetse kuti chimamusowetsa tulo n'chiyani mvula ya mu Epulo ikamagwa usiku wonse, sadzatchula mdani wochokera kunja kwa dziko. Adzatchula chigumula cha dothi chimene chili kuseri kwa chipinda chogona ana. Malangizo awa ndi a anthu amene akufuna kumema anzawo kuti boma, khonsolo ndi eni dera aziyamba ndi mantha a mtundu umenewu pokamba za chitetezo, m'malo mothamangira mfuti, utsi wokhetsa misozi kapena chikwanje nthawi iliyonse pakabuka vuto.

Ganizoli lili ndi mbiri yake. M'chaka cha 1994 nthambi ya United Nations yoona za chitukuko, UNDP, inatulutsa lipoti limene linati chitetezo chiziyezedwa poyang'ana moyo wa munthu, osati malire a dziko okha, ndipo linatchula mbali zisanu ndi ziwiri: kapezedwe ka ndalama, chakudya, thanzi, chilengedwe, thupi la munthu kuti lisachitidwe nkhanza, mudzi kapena mtundu umene munthu akuchokera, ndi ufulu wa pa ndale. Patapita zaka 30, bungwe la SIPRI la ku Sweden, limene limawerengera ndalama zimene mayiko amalowetsa ku asilikali ndi zida, linapeza kuti mu 2024 mokha dziko lonse linawononga madola 2,718 biliyoni. Inu muli ku Chiputula kapena ku Mchengautuwa simungabweze ndalama zimenezo, ndipo gulu limene limathera nthawi yake kudzudzula mayiko akuluakulu pa Facebook silichedwa kufota. Chimene mungathe ndi kusintha zochitika m'wodi yanu.

Yambani ndi kumvana pa chimene mukukana

Musanaitane munthu aliyense, khalani pansi inu oyambitsa, ngakhale mutakhala atatu, mumvane kuti simukulimbana ndi asilikali kapena apolisi monga anthu. Kuno msilikali ndi mnzathu wa mumpingo, ndi mlamu wathu, ndi kholo la mwana amene amakhala desiki limodzi ndi wathu. Namondwe wa Freddy atagumula mapiri kum'mwera mu Malichi 2023, asilikali anali m'gulu la amene ankafukula anthu m'matope, ndipo ena afera ku Democratic Republic of Congo pa ntchito yosungitsa mtendere. Gulu loyamba ndi kuwanyoza lidzataya anthu tsiku loyamba lomwelo. Chimene mukukana ndi chizolowezi choganiza kuti vuto lililonse, kaya ndi kudula mitengo, kaya ndi umbava, kaya ndi mkangano wa malo kapena wa ndale, mankhwala ake ndi munthu wa chida.

Mzinda wathu uli ndi zipsera zimene zimafotokoza nkhaniyi bwino kuposa lipoti lililonse. Pa 1 Disembala 1993 a Malawi Young Pioneers anawombera ndi kupha asilikali awiri muno mu Mzuzu, ndipo patapita masiku awiri asilikali anayamba kulanda zida za apayoniya m'dziko lonse pa ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani. Apayoniyawo anali achinyamata amene anapatsidwa mfuti m'dzina loteteza dziko ndi chipani, koma pamapeto pake anthu wamba ankawaopa iwowo kuposa mbava. Pa zionetsero zimene zinayamba pa 20 Julayi 2011 anthu 20 anafa m'dziko muno, Mzuzu ndi umene unalira maliro ambiri, ndipo ena mwa ophedwawo agona ku manda a Zolozolo. Ndimalangiza kuti oyambitsa gulu apite limodzi kumandako tsiku lina, mwakachetechete, kuti aliyense adziwe kulemera kwa chimene akufuna kusenza.

Sonkhanitsani anthu ochepa koma osiyana

Anthu asanu ndi atatu kapena khumi ndi okwanira poyambira. Mukatenga anzanu a ku koleji okhaokha, gululo lidzalankhula bwino koma silidzadziwa mtengo wa chigubu cha madzi pa kiyosiki. Choncho funani mayi amene amasunga bokosi la banki m'khonde, wakabaza amene amadziwa tinjira tonse tachidule, mphunzitsi, wachinyamata wa timu ya mpira ya m'dera, munthu wa ulumali, mkulu wa mpingo ndi wina wa ku mzikiti. Ngati pali msilikali kapena wapolisi wopuma pa ntchito amene angavomere, mulandireni ndi manja awiri, chifukwa iyeyu amadziwa kuposa tonsefe zimene mfuti imatha ndi zimene siingathe. Musaiwale amalonda a ku msika wa Taifa amene amakapikula katundu ku Tanzania kudzera pa Songwe. Nkhani ya malire a nyanja itavuta mu 2012, ena n'kuyamba kulankhula za nkhondo, anthu ngati amenewa pamodzi ndi asodzi ndi amene akanakhala oyamba kugona ndi njala, ndipo n'zabwino kuti nkhaniyo inapita kwa ankhalapakati otsogoleredwa ndi Joaquim Chissano, mtsogoleri wakale wa Mozambique.

Ife olankhula Chichewa tizikumbukira kuti tili kwa eni ake olankhula Chitumbuka, ndiponso kuti mumzindamu muli Atonga, Ankhonde, Alambya ndi ena ambiri. Msonkhano uzitsegulidwa ndi monire, akuluakulu muziwatchula kuti adada ndi amama monga amachitira aliyense kuno, ndipo munthu aloledwe kulankhula chilankhulo chimene amalotera, wina n'kumamasulira. Chingerezi chisiyireni makalata. Mumvanenso kuti nsalu, matisheti ndi nyimbo za chipani zizitsala kunyumba, ndipo popeza mawu akuti kampeni kwa ambiri amanunkha ndale, ndi bwino kumangonena kuti ndinu gulu la mtendere ndi chitetezo cha anthu a dera lakutilakuti. Mukatero kaonekereni kwa mfumu ya m'dera, amene m'tauni timamutchula kuti block leader, ndiponso kwa khansala wa wodi yanu. Simukupempha chilolezo chokumana, pakuti ufulu umenewo uli kale m'malamulo oyendetsera dziko, koma mlendo amene sanapereke moni kwa mwini mudzi amayesedwa kazitape. Zolembetsa gulu ku maofesi zisakutayitseni nthawi pakadali pano, zidzafunika mukadzayamba kugwira ndalama za anthu ena.

Funsani anthu chimene amaopa

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndi pamene ambiri amathamanga chifukwa amaganiza kuti mayankho akuwadziwa kale. Ife tinalakwitsa chomwecho pa msonkhano wathu woyamba, umene tinachitira m'kalasi ina Loweruka masana. Tinafunsa kuti kodi mtendere ulipo m'dera lino, onse anayankha kuti ulipo popeza kulibe nkhondo, ndipo anthu anayamba kuyang'ana kukhomo. Gogo wina amene anakhala pa benchi ya kumbuyo, atafunda chitenje kumapazi chifukwa cha kuzizira, anati: "Ana anga, mukanafunsa kuti timagona bwanji." Titawapempha kuti afotokoze, anati mvula ikangoyamba amaika ziphaso za unzika ndi mabuku a kuchipatala a zidzukulu zawo m'jumbo, n'kuipachika pa msomali wa pafupi ndi denga, ndipo amagona atavala nsapato za pulasitiki kuti madzi akalowa angonyamula wamng'ono ndi jumboyo. Atatha iwo manja anayamba kukwera paliponse, ndipo tinatuluka m'kalasimo dzuwa litalowa.

Choncho mafunso anu akhale a zinthu zogwirika. Ndi malo ati amene simudutsa dzuwa likalowa? Ndi mwezi uti umene banja lanu limadya kamodzi patsiku? Mwana akadwala pakati pa usiku mumafika bwanji kuchipatala? Mvula ikakula mumathawira kuti? Madzi akasiya kutuluka pa mpope mumakatunga kuti, ndipo chitsimecho chatalikirana bwanji ndi chimbudzi? Wakuba akagwidwa m'dera lino amatani naye? Funso lomalizali musalilumphe ngakhale lichititse anthu manyazi, chifukwa mtima wodalira chida sukhala ku boma kokha. Uliponso mwa ife tikamanyamula miyala ndi petulo kuthamangira mnyamata amene waba foni, kapena tikamazinga nyumba ya nkhalamba imene tikuiganizira ufiti.

Amayi afunseni paokha, ndipo wofunsayo akhale mayi mnzawo. Atsikana ndi anyamata chimodzimodzi, aliyense kwake. Pamaso pa amuna awo kapena mfumu, amayi adzakamba za msewu ndi mlatho, koma paokha adzakamba za njira ya kuchigayo imene ili ndi mdima, ndi za nkhanza za m'nyumba. Zikafika pa nkhanza, musalembe dzina la munthu ndipo musayese kuweruza mlandu. Muthandizeni kuti akafike ku ofesi ya Victim Support Unit ku polisi kapena kwa a zosamalira anthu.

Zimene mwamva zijambuleni pa mapu a dera lanu, ngakhale kuseri kwa kalendala yakale. Lembanipo mitsinje, madambo amene anthu amangamo, malo okumba mchenga, mauvuni a njerwa, mabala a mowa, mipope, ngalande zotsekeka ndi zinyalala, ndi nyumba zimene zili pansi pa mtsetse. Kenaka patsani munthu aliyense njere zisanu za chimanga kuti aziike pa mavuto amene akuona kuti ndi aakulu, pakuti njira imeneyi imapatsa mpata wofanana kwa wodziwa kulemba ndi wosadziwa, ndipo wolankhula kwambiri alinso ndi njere zisanu zokha. Pomaliza yendani m'deramo m'mawa wotsatira mvula yaikulu, jambulani ndi foni pamene madzi anafika pa khoma, ndipo lembani tsiku ndi malo m'buku limodzi lachikuto cholimba limene lidzakhale chuma cha gulu. Funsaninso akuluakulu kuti akuonetseni pamene madzi anafika mu Epulo 2016, mvula itagumula nyumba ndi kupha anthu mumzinda muno, ndiponso mabanja amene anakhudzidwa ndi kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Palibe gulu lankhondo lakunja limene linapha Amalawi ochuluka chotero m'zaka zimenezi.

Sankhani nkhani imodzi

Mudzapeza mavuto khumi kapena kuposa, ndipo mtima udzafuna kuwanyamula onse. Sankhani limodzi limene lalandira njere zambiri, limene ofesi yotha kulikonza ili mu Mzuzu momwemuno, ndiponso limene zotsatira zake zingaoneke ndi maso chaka chisanathe. Mtendere sungalembedwe mu bajeti ya khonsolo, koma kalavati pa msewu wopita ku sukulu yakutiyakuti, yoikidwa mvula ya Disembala isanayambe, ingalembedwe, ndipo aliyense angapite kukaona ngati ilipo kapena ayi.

Nditenge nkhani ya makala monga chitsanzo, chifukwa ndi pamene chilakolako choitana mfuti chimakula kwambiri, ngakhale pakati pa anthu okonda chilengedwe. Madzi amene timamwa mumzinda muno amachokera ku damu la Lunyangwa, ndipo damulo limadalira mitengo ya ku nkhalango ya Kaning'ina ndi mapiri ozungulira; mitengo ikatha, dothi limakokolokera m'damu ndipo mitsinje imaphwa msanga m'chilimwe. Munthu akaona njinga zopakira matumba a makala zikutsetsereka m'mamawa, amafulumira kunena kuti boma litumize asilikali. Njira imeneyi inayesedwa ku Dzalanyama kuyambira 2015, ndipo ngakhale inachepetsa kudula m'malo amene asilikaliwo ankayendera, makala sanasiye kulowa mu Lilongwe, chifukwa ophikira makala anali akadalipo. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwanso mu 2020, zilango n'kukwera. Koma tiyeni tinene zoona: magetsi akazima, kapena mayunitsi akatha mwezi usanathe, ogula makalawo ndife tomwe, kuphatikizapo ife a gulu la mtendere, ndipo mnyamata wokankha njingayo ndi amene amapindula zochepa kuposa onse pa malonda amenewa, pamene mwini lole yodutsa usiku sagwidwa kawirikawiri.

Gulu lanu likasankha nkhani imeneyi, pempho lake lisakhale loti ootcha makala azimenyedwa, ndiponso lisakhale loti lamulo lisiye kugwira ntchito. Likhale loti khonsolo ndi a zankhalango akhale pansi ndi midzi yozungulira nkhalango kuti pakhale mgwirizano wosamalira nkhalangoyo limodzi, anthu a m'midzimo n'kumapezamo phindu lovomerezeka monga uchi ndi bowa. Loti m'misika ya mumzinda mukhale malo ogulitsira makala ovomerezeka ochokera ku mitengo yobzalidwa, monga amene amapangidwa ku Kawandama ku Viphya. Ndi loti masukulu ndi malo ena ophikira anthu ambiri agwiritse ntchito mbaula zosatha nkhuni. Ndimaona kuti amene anatcha mbaula ya dothi ija dzina lakuti chitetezo mbaula anaimvetsa nkhaniyi kale ife tisanayambe kuilemba. Ndipo musakambe za ootcha makala iwo palibe: pitani kumene amapumira pokwera chitunda, muwagulire tiyi, muwafunse chimene chingawasiyitse ntchito imene iwonso amadziwa kuti imathyola msana.

Dziwani amene ali ndi cholembera ndi amene ali ndi ndalama

Nkhani iliyonse ili ndi mwini wake ku maofesi, ndipo kalata yopita ku ofesi yolakwika imangofera m'kabati. Ngalande, misewu ya m'makwalala, magetsi a mumsewu, zinyalala ndi misika ndi za khonsolo ya mzinda wa Mzuzu. Madzi ndi a Northern Region Water Board. Nkhalango ndi za nthambi ya zankhalango. Kuwononga chilengedwe kumadandaulidwa ku bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017. Ndipo za ngozi zogwa mwadzidzidzi zimadutsa m'makomiti a m'mawodi mpaka ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozizi. Yambani ndi komiti ya chitukuko ya wodi yanu kuti pempho lanu lilowe m'maminitsi ake, chifukwa khansala amalankhula molimba mtima ku khonsolo akakhala ndi pepala la anthu ake m'manja. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotsegukira anthu, choncho tumizani awiri azikakhala kumbuyo ndi kulemba zimene zalonjezedwa.

Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo bajeti imakonzedwa miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Nkhanga zinapangana kusanapse: pempho lofika mu Malichi limapeza zonse zitagawidwa kale, motero lanu lifike Disembala isanathe. Funsaninso za thumba la chitukuko la CDF m'dera lanu, kuti chaka chatha linagwira ntchito zanji. Mukakanizidwa kuona zikalata, gwiritsani ntchito lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020: lembani kalata yotchula chikalata chenicheni chimene mukufuna, sungani kope lodindidwa tsiku limene alandira, ndipo dziwani kuti ofesiyo imayenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Akapanda kutero, bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi limene limayang'anira lamuloli.

Simuli nokha mumzinda muno. A Katolika ali ndi nthambi ya chilungamo ndi mtendere, CCJP, mu dayosizi ya Mzuzu, sinodi ya Livingstonia ili ndi nthambi ya Church and Society, a NICE amaphunzitsa anthu za ufulu ndi udindo wawo, ndipo Public Affairs Committee yakhala ikusonkhanitsa azipembedzo kuyambira 1992. Boma nalonso linakhazikitsa ndondomeko ya mtendere mu 2017 ndi lamulo la mtendere ndi umodzi mu 2022, limene linabala Malawi Peace and Unity Commission pamodzi ndi makomiti a mtendere m'maboma. Pitani kwa iwo ndi buku lanu ndi mapu anu, muwapemphe uphungu ndi mawu awo pa nkhani imodzi imene mwasankha. Ophunzira a ku Mzuzu University, makamaka a zankhalango ndi a zamalo, angakuthandizeni kuyeza ndi kujambula bwino mapu.

Gwirani kanthu ndi manja anu

Anthu amakhulupirira gulu limene aliona litagwira fosholo. Pamene mukudikira mayankho a makalata, konzani tsiku lofukula ngalande mvula isanayambe, bzalani udzu wa vetiva ndi nsungwi m'mitsetse ndi m'mphepete mwa mitsinje, ndipo yambani nazale yaing'ono ya mitengo yachilengedwe monga mbawa, katope ndi mtangatanga kuti mbande zikhale zokonzeka nyengo yobzala mitengo ikafika, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Bzalani mitengo yokhayo imene mungathe kuipalira ndi kuitchinjiriza ku mbuzi ndi moto, pakuti mitengo 200 yokhala ndi mwini wake iposa 5,000 yobzalira kamera.

Ntchito ina imene siifuna ndalama ndi yozimitsa mphekesera. Mu 2020 mphekesera za anamapopa zinafalikira m'maboma a kumpoto kuno monga zinachitira ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Sankhani anthu atatu odalirika amene aliyense m'dera ali ndi manambala awo, kuti uthenga woopsa ukazungulira pa WhatsApp iwo ayambe afufuza kwa mfumu, kuchipatala kapena kupolisi, n'kubweza yankho m'magulu momwemo pasanathe ola limodzi. Lowaninso m'komiti ya chitetezo cha m'mudzi imene imagwira ntchito ndi apolisi, ndipo limbikirani kuti olondera usiku akhale ndi mawezulo ndi matochi, wogwidwa aziperekedwa kupolisi ali wamoyo ndi wosavulala. Nthawi ya chisankho ikayandikira, kambiranani ndi anyamata amene amalembedwa ganyu yonyamula zikwanje, aliyense payekha, makamaka kudzera mwa amayi awo ndi azitsogoleri a timu zawo za mpira.

Chikalata, wailesi, ndipo pomalizira pake msewu

Chikalata cha madandaulo chisapitirire tsamba limodzi: vuto ndi ili, umboni ndi uwu, tikupempha chakuti, kwa ofesi yakuti, pofika tsiku lakuti. Osayina alembe dzina ndi dera, osadziwa kulemba adinde chala, ndipo aliyense awerengeredwe zimene akusayinira m'chilankhulo chake. Kaperekeni anthu asanu ovala bwino, mupemphe kuti wolandira asayine pa kope lanu, ndipo musatuluke musanamvane tsiku lodzamva yankho. Polankhula ndi akuluakulu a maofesi gwiritsani ntchito ulemu wonse, bwana kapena mayi monga kuyenera, chifukwa ambiri mwa iwo nawonso amakhala m'makwalala momwemu, ndipo wogwira ntchito amene sananyozedwe amatha kukuuzani pakhonde kumene nkhani yanu yakakamira.

Mawailesi a Voice of Livingstonia ndi Radio Tigabane amamveka m'nyumba zambiri kuno, ndipo mapulogalamu oimbira foni ndi mwayi wabwino. Olankhula akhale anthu okhudzidwa eni ake, monga gogo wa jumbo uja, osati wapampando nthawi zonse, ndipo asatchule munthu kuti ndi wakuba ngati mulibe chikalata chotsimikizira. Tsiku la mtendere pa dziko lonse, pa 21 Sepitembala, limafika nthawi yabwino kwa ife, mvula isanayambe ndipo bajeti isanatsekedwe. Ligwiritseni ntchito poitana khansala, mfumu, apolisi ndi a khonsolo kuti adzayende nanu m'malo a pa mapu aja.

Zionetsero zibwere zonsezi zikalephera. Gawo 38 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere ndiponso wopanda zida, ndipo lamulo la apolisi la 2010 limafuna kuti okonza alembe kalata yodziwitsa bwanamkubwa, kope lake n'kupita kwa mkulu wa polisi ya deralo, pasanatsale maola ochepera 48 ndiponso osapitirira masiku 14 tsikulo lisanafike. Kope lina perekani kwa mkulu wa khonsolo ya mzinda. Kalatayo itchule okonza, cholinga, tsiku, nthawi, njira yodutsa ndi chiwerengero cha anthu amene mukuyembekeza, ndipo mukaitanidwa kukakambirana za njirayo, pitani. Lamulo lomwelo limati okonza angathe kuyankha mlandu wa katundu wowonongeka pa zipolowe, ndipo mu 2019 tinaona mumzinda muno mmene zionetsero zoyamba bwino zimatha kulandidwa ndi anthu ofuna kuthyola mashopu. Choncho yendani m'mawa, mtunda waufupi, kutali ndi msika waukulu. Pa anthu khumi alionse pakhale mmodzi wosungitsa bata wovala chizindikiro chooneka. Amayi ndi azibusa atsogole. Mowa, ndodo ndi matayala zisaloledwe. Ndipo munthu mmodzi yekha akhale wolankhula ndi mkulu wa apolisi amene ali pamalopo. Mumvane kale kuti mwala woyamba ukangouluka, kaya wauponya ndani, onse akhale pansi, ndipo zikapitirira wapampando alengeze kuti zatha. Gulu la mtendere limene latsogolera anthu ku maliro silidzapezanso wolimvera.

Ndalama za gulu zikhale zochepa ndi zoonekera: zopereka za mamembala zogulira mapepala, mayunitsi a foni ndi machubu a nazale, zowerengedwa pamaso pa onse pa msonkhano uliwonse. Musazolowetse anthu ma alawansi, chifukwa tsiku limene adzasowe ndi tsiku limene mudzakhale nokha m'kalasi, ndipo thandizo lochokera kwa wofuna mpando wa ndale likaneni mwaulemu ngakhale litakhala la malata a nazale.

Mwezi uliwonse tsegulani buku lija pa tsamba la malonjezo, muwerenge mokweza amene analonjeza, chimene analonjeza ndi tsiku limene anatchula, ndipo amene wakwaniritsa mumulembere kalata yothokoza imene iwerengedwenso pa wailesi. Udindo wa wapampando ndi wa mlembi uzisinthana chaka ndi chaka, ndipo buku lisamakhale m'nyumba ya munthu mmodzi amene angasamukire ku Lilongwe nalo. Mvula yoyamba yaikulu ikagwa, dzukani m'mamawa, mubwerere pa khoma limene munajambula chaka chatha, muyeze ndi ndodo pamene madzi afika, kenaka mudutse kwa gogo uja mukaone ngati jumbo ikadali pa msomali.